Nsima ya ku Glasgow

Tsiku lonyamuka pa Chileka, mayi anandilongezera m'chikwama ufa woyera makilo asanu, kajumbo ka usipa wouma, mthiko ndi chipande. Ndinawaseka. "Amayi, ndikupita kusukulu, sikuti ndikukaphika pamaliro." Iwo sanayankhe, anangokanikiza chikwamacho ndi bondo n'kukoka zipi.

Masabata oyamba ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, ndinali munthu wodzidalira. Ndinayenda wapansi mpaka kumtsinje wa Clyde, ndinajambulitsa pa chipilala cha Duke of Wellington, mkulu wokwera pahatchi amene eni mzinda amamuveka kumutu chisoti chapulasitiki chija amaika pamsewu akamakonza. Pa siteshoni ya Glasgow Central ndinaona dzina loti Blantyre pa bolodi la sitima, mtima unagunda ngati ndaona mbale wanga, pomwe ndi Blantyre yawo ija kunabadwira David Livingstone mu 1813. Kudzidalira konseko kunali chifukwa choti madzulo aliwonse ndinkadya nsima. Ufa utatha, kumapeto kwa Okutobala, nzeru nazo zinatha.

Ndinayesa mbatata ya kachewere, ndinayesa buledi, ndinayesa zakudya zooneka ngati zingwe zija. Mimba inkadzaza ndithu, koma pogona inkandifunsabe kuti tidya nthawi yanji.

Mayi wina wa ku Zimbabwe amene ndinakumana naye kutchalitchi anandiuza kuti ufa umapezeka m'timashopu tina ukatsika pa siteshoni ya St George's Cross. Loweruka lina mu Novembala ndinakwera sitima yapansi panthaka pa Buchanan Street, ulendo wa masiteshoni awiri okha. Sitima imeneyi ndi yakale, inayamba mu 1896, ndipo ilibe depoti yotsitsira anthu: imangozungulira masiteshoni 15 n'kubwerera pomwe inayambira, pafupifupi mphindi 24. Izi ndinazidziwa mochedwa. Kunja kunali chisanu cholowa m'mafupa, mkatimo munali mofunda, ndipo ine ndinazolowera minibasi ya ku Ndirande momwe kondakitala amakugwedeza phewa kuti wafika. Ndinatsinzina pang'ono. Podzidzimuka ndinawerenga pakhoma: Buchanan Street. Ndinati kaya sitinanyamuke. Ndinakhazikikanso bwino, ndipo podzidzimuka kachiwiri panali pa Buchanan Street pomwepo, koma anthu onse anali ena.

Nditatuluka, kunja kunali bii. Ndinaganiza kuti usiku wapita kale ndipo timashopu tija tatsekedwa, osadziwa kuti inali folo koloko chabe, dzuwa la kumeneko nyengo imeneyi limaweruka msanga kuposa wantchito wa m'boma Lachisanu. Ndinalowa m'shopu yaikulu yapafupi kuti ndigule buledi wachisoni uja. Ndipo pashelefu, pakati pa shuga ndi ufa wa tirigu, ndinaona timabokosi tolembedwa kuti cornflour. Chizungu ndinakhoza bwino pa Fomu 4, palibe akanandinamiza: mawu oyambawo ndi chimanga, achiwiriwo ndi ufa. Ndinatola mabokosi anayi. Ndinadabwa pang'ono kuchepa kwake, koma ndinati azungu sadya kwambiri.

Kukhitchini ya kunyumba zogona ophunzira kunalibe munthu. Ndinatereka madzi, ndinaika usipa wotsiriza m'chiwaya, ndinatsegula bokosi. Ufa wake unali woyera mbee, wosalala kuposa wogayitsa kawiri, ukaupekesa ndi zala unkalira kuti kwii. Ndinati awa ndiye makina, osati zigayo zathu.

Ndinathira kuti ndipange phala. Kwa kanthawi panali zii, madzi oyera ngati mkaka. Kenaka mwadzidzidzi zonse zinagwirana n'kukhala chinthu chonyezimira, choonekera mkati, chonanda ngati therere lopanda masamba. Ndinati mwina ufa wachepa, ndinawonjezera bokosi lonse. Povundula, mthiko unalowa koma kutuluka unakana. Nditaukoka mwamphamvu, poto yense ananyamuka nawo.

Apa ndi pomwe ndinaimbira mayi pa WhatsApp, n'kulozetsa kamera m'potomo.

"Iwe mwana iwe, ukuphika chiyani chimenecho?"

"Nsima, amayi."

"Nsima ya kwa yani? Taisendeza pafupi." Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anaitana mlongo wanga kuti nayenso adzaone. Awiriwo akuseka mpaka kutsokomola, ine ndikuteteza ufa wanga, usipa uja unali ukupsa kumbuyo kwanga.

Utsi utadzaza, ndinachita zomwe aliyense woleredwa bwino angachite: ndinatsegula chitseko kuti utuluke, n'kuchitsekereza ndi mpando. Chitseko chimenecho chinali ndi chikwangwani choti chizikhala chotseka nthawi zonse, ndipo chifukwa chake ndinachimva ndi makutu. Kachipangizo ka kukhitchini kamamva kutentha kokha, koma ka m'khonde kamanunkhiza utsi. Belu linalira nyumba yonse, kulira kong'amba mutu.

Tinatuluka tonse, nyumba yansanjika yathunthu, kukaima panja pamvula yowaza. Ena anali atavala zogonera, mnyamata wina anali ndi thaulo lokha ndi thovu kumutu, akunjenjemera ngati mwanapiye. Aliyense ankafunsa mnzake kuti wayambitsa ndani. Inenso ndinkafunsa nawo, mpaka nditazindikira kuti anthu akuyang'ana dzanja langa. Ndinali nditagwira chipande.

Ozimitsa moto anabwera ndi galimoto lawo lofiira, nyali zili phethiphethi. Patapita kanthawi mmodzi anatuluka atanyamula poto wanga pogwira mthiko, monga munthu amanyamulira nkhuku pamiyendo. Analankhula nane mawu ambirimbiri, koma Chizungu cha ku Glasgow chimathamanga n'kumeza theka la mawu, moti ndinangoti inde pa chilichonse. Anzanga anaphulika kuseka. Mtsikana wa ku Kenya wa chipinda choyandikana nane ndiye anandimasulira: mkuluyo anafunsa ngati ndimakonza guluu womatira mapepala pakhoma, ndipo ine ndinavomera kawiri konse.

Mtsikana yemweyo anandifotokozera kuti ufa ndinagulawo ndi sitalichi yekhayekha, amathira kasupuni kamodzi pofuna kulimbitsa msuzi. Lolemba lake anandiperekeza yekha ku shopu ya ufa weniweni, ndipo m'sitima ankandigunda ndi chigongono siteshoni iliyonse.

Mthiko ndinauviika m'madzi masiku awiri usanamasuke. Mabokosi atatu aja adakali m'kabati, ndipo pa kasupuni kamodzi pa sabata, ndawerengera kuti digiri idzatha iwo asanathe. Mayi nawo sanaiwale. Ndikaimba foni, moni asanayankhe n'komwe amayamba ndi kufunsa kuti, "Lero mwamata chiyani kumeneko?"