Chinkhwe cha ku Makawa

Alamu anga amaphika pa loji ina cha ku Makawa, njira ya ku Monkey Bay. Pakhonde pali chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, mtundu uja wa m'nkhalango za ku Congo. Abwana avutika nacho chaka chathunthu kuti chizilonjera alendo m'Chingerezi, koma ayi ndithu. Chomwe chimadziwa n'kutsokomola ngati mlonda, kenako n'kukuwa kuti, "Iwe, chambo chapserera!" Mawu ake a alamu enieni.

Ine ndidaseka mpaka misozi. Mlendo wina wa ku Tamil Nadu, m'dziko la India, yemwe ankadya pambali adati kwawo kale kuphunzitsa zinkhwe kuyankhula inali ntchito yochita kuphunzira. Ndidayesa nthabwala, koma nditafufuza ndidapeza kuti n'zoona. M'buku lakale la Kama Sutra, lomwe adalemba Vatsyayana, muli maluso 64 oyenera munthu woleredwa bwino. Pamodzi ndi kuimba, kuvina ndi kuluka nkhata za maluwa, palinso kuphunzitsa zinkhwe ndi mbalame zotchedwa myna kuyankhula. Pomwe ife tidakula ndi legeni m'thumba ndi ulimbo pamtengo, mbalame tikuiona ndiwo basi!

Ku Madurai, mzinda wa ku Tamil Nadu komweko, mulungu wamkazi Meenakshi amamusema ali ndi chinkhwe, ndipo m'kachisi wake muli chipinda chomwe ankasungiramo zinkhwe zophunzitsidwa kuitana dzina lake. Koma zomwe zidandigwira mtima ndi nthano 70 za m'buku lina lakale la ku India lotchedwa Shukasaptati. Wamalonda wapita ulendo, mkazi wake akufuna kuzemba usiku kupita kwa chibwenzi, ndiye chinkhwe chimamukola ndi nthano usiku uliwonse mpaka mwamuna kubwerera. Galu angalondere nyumba motero?

Mbalameyi ilibe milomo ngati yathu. Mawu amachokera pansi pa kholingo, pomwe limagawikana kupita ku mapapo, lilime lake lonenepa n'kumawakonza. Ndipo imatola mawu a amene imakhala naye, makamaka onenedwa mokalipa, poti anthu a pakhomo imawayesa anzake a m'gulu. Abwana amangodutsa kamodzi m'mawa. Alamu amaswera pomwepo, ndipo mtedza amapereka ndi iwo.

Ndikutsanzika, ndidayamba kufunsa ngati malipiro a mwezi watha adatuluka. Alamu adandikoka malaya, maso ali pa khola. "Alamu, zimenezo tikakambire kunyanja, pano pali makutu."