Funso limene tinakalipeza ku Zomba

Tinanyamuka pa Dedza boma 5 koloko m'mawa, aphunzitsi 14 a m'ma CDSS (masekondale oyendera) a m'dera lathu, ulendo wokacheza ndi aphunzitsi anzathu ku Zomba, aliyense atadzikuta ndi jekete. Pa Lizulu tinaima pang'ono, amayi n'kudzaza kachewere ndi kabichi kumbuyo kwa minibasi ngati tikupita ku chinkhoswe. Titawoloka Shire pa Liwonde n'kuyandikira Domasi, m'galimoto munadzuka phokoso, poti ambirife dipuloma tinatengera pa koleji ya aphunzitsi ya kumeneko.

Anzathu a pa sukulu yogonera komweko anationetsa labotale yawo. Ine amene ndimaphunzitsa Biology pojambula maikulosikopu ndi choko, ndinangoigwiragwira ngati mwana.

Koma nkhani inakula masana mu sitafu. Aphunzitsi aakulu analemba pa bolodi: "Mutabadwanso, mungasankhenso uphunzitsi?" Tinaseka, kenako kunangoti zii. Bambo wina wa Masamu, wa imvi mbuu, anati wakhala pa giredi imodzi kuyambira mwana wake woyamba ali ku nazale, ndipo lero mwanayo ndi mphunzitsi mnzake. Wina anavomera kuti analowa ntchitoyi atalephera kusankhidwa ku zaudokotala, ankati angopumirapo chaka chimodzi. Ife tinkaganiza kuti madandaulo a katapila ndi nyumba za lendi ndi a ku CDSS okha, kumene mphunzitsi amatsika Fomu 4 masana n'kuyambanso kuphunzitsa makalasi a open (sukulu ya masana) mpaka dzuwa kulowa kuti apeze ya sopo. Ayi ndithu, n'chimodzimodzi.

Chimene chinandibaya ndi cha mayi wina wa Chichewa. Anati anafunsa ana 60 a m'kalasi mwake ntchito imene akufuna, ndipo wofuna uphunzitsi anali mmodzi yekha, amene anzake anamuseka mpaka anatsitsa mkono. "Malipiro ndinazolowera," anatero, "koma kuseka kuja kunandipweteka." Komabe mayi yemweyo ndi amene anayamba kuyankha funso la pa bolodi kuti inde. Anati tsiku limene MANEB imatulutsa zotsatira za MSCE foni yake siipuma, ndipo pa chipatala namwino amamuchotsa pa mzere n'kuti, "Madamu, bwerani kuno."

Titawerenga manja, inde anali 11, ayi 9, ena anangoyang'ana pansi. Ine ndinali m'gulu loyang'ana pansi. Pobwerera, mpaka pa Balaka, tinkakanganabe za funsolo, ndipo tagwirizana kuti anzathu a ku Zomba aja akadzabwera kwathu teremu yamawa tidzaitanenso ana a Fomu 4 mu sitafu.