Mmene ndinalembetsera bizinesi ku Ireland kuti ndijambule filimu ya mabanja osowa nyumba

Anzanga angapo a ku Malawi ndi ku Zambia amene tikukhala nawo kuno ku Ireland akhala akundifunsa njira imene ndinayenda pojambula filimu yanga yaifupi ya mabanja amene boma likuwasunga m'mahotela chifukwa chosowa nyumba. Ambiri amafunsa za kamera. Koma ntchito imene inandidyera nthawi, imenenso inachititsa kuti anthu andikhulupirire, inali ya mapepala a bizinesi, ndiye ndiyambira komweko.

Choyamba ndinene chifukwa chake nkhaniyi inandigwira mtima. Unduna woona za nyumba umatulutsa chiwerengero mwezi ndi mwezi cha anthu amene akugona m'malo ongoyembekezera. Kumapeto kwa 2024 chinapitirira 15,000, ndipo ana anali oposa 4,500. Pamenepo sawerengerapo ogona m'misewu, amayi amene anathawira m'nyumba zobisalamo nkhanza, kapena amene akungogona pa sofa kwa mnzawo. Lamulo loletsa eni nyumba kutulutsa alendi m'nyengo yozizira linatha pa 31 March 2023, ndipo mabanja ambiri amene ndinacheza nawo anatuluka m'nyumba mwininyumba atanena kuti akuigulitsa. Ena ndi anthu apantchito, olandira malipiro mwezi uliwonse. Lendi ndi imene inawapitirira.

Nditapita ku bungwe lina lothandiza osowa nyumba kukapempha kuti andilumikizitse ndi mabanja, mayi amene anandilandira anandifunsa mafunso atatu modekha: mukujambula m'dzina la ndani, muli ndi inshuwalansi, nanga zithunzi ndi mawu a anthuwa muzisunga kuti? Anali kuteteza anthu awo, ndipo anachita bwino. Munthu amene wataya kale nyumba sangapereke nkhope yake kwa mlendo wopanda adiresi ya ntchito.

Musanachite china chilichonse, yang'anani chidindo chimene chili pa khadi lanu la chilolezo chokhalira m'dziko. Stamp 4 imalola munthu kudzilemba yekha ntchito ndi kuyambitsa bizinesi. Stamp 2 ya ana asukulu silola zimenezi ngakhale imalola ganyu ya maola owerengeka. Ine ndinali pa Stamp 4 ndipo nambala ya PPS, imene boma limakudziwira pa za msonkho ndi chithandizo, ndinali nayo kale, choncho khomo linali lotseguka.

Kenako pamabwera kusankha mtundu wa bizinesi. Njira yosavuta ndi imene amaitcha sole trader, pamene iwe ndi bizinesi muli chinthu chimodzi: phindu ndi lako, ngongole ndi yakonso, ndipo zinthu zikavuta akhoza kugwira katundu wako weniweni. Njira ina ndi kutsegula kampani, imene pa malamulo imaima payokha. Ine ndinayamba ndi yoyambayo chifukwa ndalama zimene zimalowa zinali zochepa ndipo sindinkafuna kulipira akauntanti ndalama zambiri ndisanapeze ngakhale kasitomala wokhazikika.

Ngati mugwiritsa ntchito dzina lanu lenileni, palibe dzina lolembetsa. Ine ndinkafuna dzina la bizinesi loti lizioneka kumapeto kwa filimu ndi pa mainvoisi, ndiye ndinalowa pa intaneti pa CORE, tsamba la Companies Registration Office, ofesi ya boma yolembetsa makampani, n'kudzaza fomu ya RBN1. Mtengo wake ndi €20. Setifiketi ikatuluka mumapita nayo ku banki kukatsegula akaunti ya bizinesi. Dziwani kuti kulembetsa dzinali sikuletsa wina kuligwiritsa ntchito, ndi kungodziwitsa dziko kuti kumbuyo kwa dzinalo kuli inu.

Ku Revenue, a msonkho, ndinalembetsa monga wodzilemba ndekha ntchito, n'kutsegula akaunti ya ROS imene amalipirira msonkho pa intaneti. Apa mvetserani bwino, chifukwa amene tinazolowera kulembedwa ntchito msonkho umadulidwa tisanauone. Pa bizinesi palibe amene akudulire. Chaka chilichonse pofika pa 31 October umatumiza Form 11 yofotokoza za chaka chatha, n'kulipira zotsala za chaka chimenecho pamodzi ndi msonkho wachiyambi wa chaka chimene uli nachocho. Olipira kudzera pa ROS amawawonjezera masiku mpaka chapakati pa November. Pamwamba pa msonkho wa phindu pali msonkho wina wotchedwa USC, ndi PRSI ya gulu S, chopereka cha inshuwalansi ya boma cha odzilemba okha ntchito. Ine kasitomala akangolipira ndimapatula gawo n'kuliika mu akaunti ina, monga mmene kumudzi timapatulira chimanga cha mbewu kuti njala isatinyengerere kuchidya. Malisiti onse, a batire, a basi, a hard drive, lamulo limafuna asungidwe zaka 6. Za VAT sindinalembetse poyamba, chifukwa wogulitsa ntchito za manja ake amakakamizidwa pokhapokha akamapeza zoposa €42,500 pa chaka, malire amene anayamba mu January 2025.

Zambiri mwa izi ndinaziphunzira pa kosi ya Start Your Own Business ya Local Enterprise Office, ofesi ya boma yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono. Maofesi amenewa alipo 31 m'dziko lonse, amagwira ntchito pamodzi ndi makhonsolo, ndipo mtengo wa kosiyo ndi wochepa. M'kalasi mwathu munali wophika makeke, wometa tsitsi ndi wokonza njinga. Ndinapindula kwambiri ndi tsiku limene tinaphunzira kuwerengera mtengo wa tsiku limodzi la ntchito, poti ife ojambula timakonda kuiwala kuti tsiku limodzi logwira kamera limabala masiku angapo okhala pa kompyuta.

Inshuwalansi ya public liability ndinagula ndisanalowe m'nyumba ya munthu aliyense. Mwana akapunthwa pa chingwe cha magetsi ako, mlandu ndi wako. Makhonsolo nawonso amafuna kuiona asanakupatse chilolezo chojambulira pamalo awo. Amene muli ndi drone ya kamera, muyenera kulembetsa ku Irish Aviation Authority, bungwe loona za ndege.

Tsopano ndalama za filimuyo. Anthu akamva Ireland amathamangira kutchula Section 481, ndime ya lamulo la msonkho imene nthawi zambiri imabweza 32 peresenti ya ndalama zoyenerera zimene filimu yawononga m'dziko muno. Ndi yabwino, koma ndi ya makampani, ndipo filimu yake iyenera kukhala ya €250,000 kapena kuposa. Yanga sinafike ngakhale pafupi. Screen Ireland, nthambi ya boma yotukula mafilimu, ili ndi thumba la mafilimu aafupi ndi a nkhani zenizeni, koma mpikisano ndi waukulu ndipo amafuna kuona zimene unachitapo kale. Thumba la Sound & Vision la Coimisiún na Meán, bungwe loyang'anira zoulutsa, limafuna kalata yochokera ku nyumba youlutsa monga RTÉ kapena TG4 yolonjeza kuti adzaionetsa. Kwa woyamba kumene, khomo lapafupi ndi ofesi ya zaluso ya khonsolo ya dera lako, imene imapereka tindalama tochepa. Filimu yanga inalipiridwa ndi maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya matchalitchi a anthu akwathu ndi timavidiyo totsatsa malonda a mashopu. Loweruka ndimajambula akwati akuvina, Lachiwiri ndili m'chipinda cha hotela ndi banja la ana atatu. Bizinesiyo ndi imene inkadyetsa filimu.

Gawo limene ndikufuna kukhalitsapo ndi la chilolezo cha anthu ojambulidwa, chifukwa ndi pamene pali mtima wa ntchito yonse. Aliyense wolankhula mu filimu amasaina fomu yovomera. Lamulo la GDPR, loteteza zinsinsi za anthu, limaona nkhope ndi mawu a munthu ngati zinthu zake zimene uyenera kufotokoza kuti uzisunga bwanji ndipo uzigwiritsa ntchito pati. Koma siginecha payokha ndi yochepa. Munthu amene ali pamavuto amatha kusaina chilichonse poganiza kuti mwina filimuyo imupezera nyumba. Ndinkayamba ndi kunena mosabisa kuti ndilibe mphamvu iliyonse pa mndandanda wa nyumba za khonsolo, kuti filimu ikalowa pa intaneti sibwereranso, ndiponso kuti abwana awo kuntchito ndi makolo a anzawo a ana awo akhoza kuiona. Fomuyo ndinkaisiya kuti agone nayo, tikambirane tsiku lina. Mabanja ena anakana ataganizira, ndipo ndinawathokoza chimodzimodzi.

Mayi wina wa ku Dublin komweko, wogwira ntchito yosamalira okalamba, anavomera koma anati ana ake asaoneke nkhope. Chipinda chawo chinali ndi mabedi awiri ndi ketulo imodzi. Mkaka ndi batala anaziika panja pa zenera kuti zizizire, poti munalibe firiji. Mayunifolomu a sukulu anawayanika pa chotenthetsera chipinda, ndipo mwana wamkulu ankalemba homuweki atakhala pansi, buku lili pa sutikesi. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, kodi ndingajambule manja anu okha pamene mukukonza chakudya cha ana cha mawa?" Anati, "Jambulani, manjawa akudziwa zambiri." Anapaka batala pa buledi atamuika pa chivindikiro cha bokosi la pulasitiki, akufotokoza kuti amadzuka m'ma 5 koloko kuti akwere mabasi awiri, ana asasinthe sukulu pamwamba pa kusintha nyumba. Chigawo chimenecho ndi chimene anthu amachikumbukira akaonera filimuyo, ndipo mulibe nkhope ya munthu.

Ndinalonjeza banja lililonse kuti liona gawo lawo filimu isanatuluke. Aphunzitsi ena a mafilimu sagwirizana nazo, amati wojambula amataya ufulu wake. Ine ndimaona kuti munthu amene wakulowetsa pamene akugona ndi ana ake ali ndi ufulu wonena kuti apa ayi. Bambo wina anapempha kuti ndichotse pamene analira, poti mwana wake wamwamuna adzaonera tsiku lina. Ndinachotsa, ndipo nkhani yake inamvekabe.

Pali malamulo awiri amene muyenera kuwasamala. Loyamba ndi la kuipitsa mbiri, Defamation Act ya 2009. Mlendi akatchula dzina la mwininyumba n'kumunenera zoipa zimene sungathe kuzitsimikizira, wokokeredwa kukhoti ndi iwe wofalitsa, ndipo ngati uli sole trader ndalama zituluka m'thumba mwako. Mu filimu yanga mulibe dzina la mwininyumba kapena la hotela, ndipo zikwangwani zonse ndinazipewa pojambula. Lachiwiri likukhudza opempha chitetezo m'dziko muno, amene ambiri amakhala m'malo a Direct Provision, dongosolo la boma lowapatsa pogona limene linayamba mu 2000, ndipo munthu wamkulu amalandira €38.80 pa sabata. International Protection Act ya 2015 imaletsa kufalitsa chilichonse chimene chingaulule kuti wopemphayo ndi ndani popanda chilolezo chake. Ngakhale munthu wangodutsa kumbuyo kwa amene ukumujambula, samala, chifukwa kumene anathawako kuli anthu amene amaoneranso intaneti.

Za zipangizo ndinena mwachidule. Kamera yanga ndi yakale, yogula kwa munthu. Ndalama ndinaika pa maikolofoni, chifukwa m'zipinda za hotela mumamveka mapaipi, zitseko ndi TV ya oyandikana nawo, ndipo woonera amapirira chithunzi chofooka koma sapirira mawu osamveka. Zonse zojambulidwa ndimasunga pa hard drive ziwiri zokhala ndi pasiwedi, m'malo awiri osiyana. Nyimbo anandipekera mnzanga woimba gitala, ndipo tinalemberana pangano ngakhale ndife abwenzi, poti okonza zionetsero za mafilimu amafunsa umboni woti nyimbo uli nayo ufulu. Ndinaikanso mawu olembedwa pansi pa chithunzi, kuti ogontha ndi amene Chingerezi cha ku Dublin chimawathamangira athe kutsatira.

Filimu ikatha, zionetsero zambiri zimalandira mafilimu kudzera pa tsamba la pa intaneti la FilmFreeway, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake wolowera. Zikuluzikulu ndi Dublin International Film Festival kumayambiriro kwa chaka, Docs Ireland ku Belfast mu June, Galway Film Fleadh mu July ndi Cork International Film Festival mu November. Werengani malamulo awo musanaike filimu pa YouTube, chifukwa ena safuna imene yaonetsedwa kale poyera. Ine ndinayamba ndi holo ya m'dera, mabanja aja atakhala kutsogolo, ndipo ndinaitana makhansala a deralo kuti amve okha.

Pano ndikukonzekera kusintha bizinesi kukhala kampani, chifukwa filimu yotsatira ndi yaitali ndipo matumba akuluakulu amakonda kuchita pangano ndi kampani. Fomu yake ndi A1, pa CORE pomwepo, €50. Dayirekitala mmodzi amakwana, koma akakhala yekha mlembi wa kampani ayenera kukhala munthu wina, ndipo dayirekitala mmodzi ayenera kukhala wokhala m'maiko a EEA, gulu la maiko a ku Ulaya limene Ireland ilimo. Pasanathe miyezi 5 umalembetsa eni enieni a kampani ku kaundula wa boma wa RBO, ndipo lipoti loyamba la pachaka, fomu ya B1, limabwera pakatha miyezi 6. Ukachedwa nalo chindapusa ndi €100, kuwonjezerapo €3 tsiku lililonse. Msonkho wa phindu la malonda a kampani ndi 12.5 peresenti, koma malipiro amene umadzipatsa amadulidwa msonkho monga wantchito aliyense. Pa gawo ili ndatenga akauntanti, ndipo fomu yovomera ya filimu yatsopanoyo ndaipereka kwa loya kuti aione ndisanagogode pa khomo la aliyense.