Masewero anayi tsiku limodzi ku Charlotte: mmene ndinaigwirira ntchitoyo

Mkonzi wanga anandiimbira foni Lamlungu usiku, komiti ya NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, itangomaliza kulengeza matimu 68 olowa mu mpikisano wa basiketibolo ya m'makoleji a ku America. Anati ndipita ku Charlotte, m'boma la North Carolina, ndipo ndipita ndekha chifukwa nyuzipepala yathu ndi yaing'ono, ya anthu awiri panalibe. Munali mu March 2018.

Mtolo womwe anandisenzetsa unali wotere: Lachisanu pa 16 March ndilembe masewero onse anayi a m'bwalo la Spectrum Center, nditumize timauthenga pa Twitter masewero ali mkati, ndilankhule pa wailesi ya kwathu kawiri, ndikonze nkhani yaitali ya m'nyuzipepala ya Lamlungu, komanso ndisaiwale timu ya atsikana ya koleji ya m'tauni mwathu, yomwe inali ndi masewero ake kwina. Ndinalemba zonsezi pachikuto cha kope, chilichonse ndi nthawi yake yotumizira. Nthawiyo ndiyo imalamulira zonse. Makina osindikizira sadikira munthu.

Ntchito yeniyeni inayamba Lachinayi. Tsiku loti mawa lake kuli masewero, timu iliyonse imachita masewero okonzekera anthu akuonerera, kenako mphunzitsi ndi osewera angapo amakhala patebulo kuyankha mafunso. Matimu anali asanu ndi atatu. Ndinatenga chiphaso changa cha atolankhani m'mawa, n'kuchikoleka m'khosi, n'kukafufuza mpando womwe anandipatsa komanso pamene pali soketi ya magetsi. Zikuoneka zazing'ono, koma laputopu ikakuzimira nthawi ya 11 koloko usiku mudzadziwa kuti si zazing'ono.

M'chipinda cha atolankhani mumakhala timabuku tomwe koleji iliyonse imakonza, tofotokoza wosewera aliyense: kwawo, msinkhu wake, mapointi omwe amagoletsa. Ndinatenga tonse. M'kope langa timu iliyonse ndinaipatsa masamba awiri, ndipo pamwamba ndinalemba manambala a majezi ndi maina, ndikuonetsetsa kalembedwe ka dzina lililonse chilembo ndi chilembo. Dzina la mwana wa munthu ukalilakwitsa, mayi ake amene akufuna kudula nkhaniyo kuti aisunge sakukhululukira, ndipo akulondola.

Apa ndi pomwe ndikufuna muimvetse bwino nkhaniyi. Pofika madzulo ndinali nditatopa, ndipo timu yomwe ndinatsala nayo inali UMBC (University of Maryland, Baltimore County), koleji ya kufupi ndi Baltimore yomwe ambiri ankaidziwa ndi masewero a chess. Inali pa nambala 16, yomwe ndi yotsiriza, m'chigawo chake, ndipo inkakumana ndi Virginia, timu yomwe komiti inaiika pamwamba pa onse 68, itapambana masewero 31 n'kugonja awiri okha. Chiyambire 1985, matimu a nambala 16 anali atakumana ndi a nambala 1 ka 135 mu mpikisano wa anyamata, ndipo onse anagonja. Mtima unkandiuza kuti ndipite kuhotela ndikapitirize nkhani ya Lamlungu. Ndinakhala. Ndinamvetsera mphunzitsi wawo Ryan Odom, ndinawerenga kabuku kawo mpaka kumapeto, ndipo ndinalemba zinthu zitatu: kuti anafika kuno chifukwa Jairus Lyles anagoletsa mpira wa mapointi atatu kutatsala pang'ono kuti nthawi ithe pomwe anagonjetsa Vermont 65-62, kuti makolo onse awiri a Lyles anaphunzira ku Virginia komweko, komanso kuti wowongolera mpira wawo, K.J. Maura wa ku Puerto Rico, ndi wamfupi kwambiri, mafiti 5 ndi mainchesi 8. Kumbali ya Virginia ndinalemba kuti wosewera wawo De'Andre Hunter sasewera, anathyoka pamkono.

Lachisanu masewero amagawidwa pawiri, awiri masana, awiri usiku. Texas A&M inagonjetsa Providence 73-69, kenako North Carolina inathana ndi Lipscomb 84-66. Njira yanga pa masewero aliwonse ndi imodzi. Basiketibolo ya anyamata ya m'makoleji imakhala ndi zigawo ziwiri za mphindi 20, ndipo m'chigawo chilichonse amaimitsa masewero kanayi kuti a wailesi yakanema aulutse malonda, kukatsala mphindi zosakwana 16, 12, 8 ndi 4. Anthu akamaimba ndi kuvina nthawi imeneyo, ine ndimawerama pa laputopu n'kulemba ndime imodzi kapena ziwiri za zomwe ndaona kumene. Pa nthawi yopumira ndimasanja ndimezo. Choncho hutala yomaliza ikamalira, thunthu la nkhani limakhala lilipo kale, chotsala ndi mutu wake ndi zigoli. Ndimatumiza imeneyo kuti ipite pa intaneti, kenako ndimathamangira kumafunso. Pamakhala mphindi pafupifupi 10 zoti osewera apumeko kaye asanakumane nafe. Ndikapeza mawu awo ndimabwerera, n'kuilembanso nkhaniyo kachiwiri, pamene masewero ena ayamba kale pamaso panga.

Zimenezi ndiye zovuta kwambiri: maso ali pa masewero achiwiri, zala zikulemba oyamba. Chomwe chimandipulumutsa ndi zolembera ziwiri, chabuluu ndi chofiira, timu iliyonse chake. Mzere uliwonse ndimayamba ndi nthawi ya pa wotchi ya bwalo, kenako nambala ya jezi, kenako mawu awiri atatu. Zigoli amazilemba kale ena, ndipo pepala lake amatigawira likadali lofunda kuchokera m'makina. Ine ndimalemba zomwe pepalalo silinena: mphunzitsi wavula jekete, wosewera wagwira mawondo, benchi yakhala chete.

Pakati pa masewero a masana ndi a usiku amatulutsa anthu onse m'bwalo. Ola limenelo ndinaligawa patatu. Ndinalankhula pa wailesi nditaima m'kanjira, chala china chili m'khutu. Ndinaimbira wofalitsa nkhani wa timu ya atsikana ija, iye anapereka foni kwa mphunzitsi, ndipo ndinalemba ndime zisanu ndi imodzi. Ndinaumirira kwa mkonzi kuti zisaponyedwe pansi pa tsamba, chifukwa atsikanawo amakhetsa thukuta lofanana ndi la anyamata. Kenako ndinadya sangweji nditaimirira.

Kansas State inagonjetsa Creighton 69-59. Tsopano kunatsala Virginia ndi UMBC, kuyamba itadutsa 9 koloko usiku.

Ndinalakwitsa chinthu chimodzi, ndipo ndichinena. Poopa nthawi, ndinali nditalemberatu ndime zinayi zoyambirira zonena kuti Virginia yapambana, n'kusiya mipata ya zigoli. Atolankhani ambiri amatero. Vuto lake n'lakuti ukalemba chinthu umayamba kuchikhulupirira. Popita kopumira zigoli zinali 21-21, koma ine ndinangoonjezera chiganizo chimodzi chakuti Virginia inavutika poyamba. Maso anga ankaona, mutu unkakana.

Chigawo chachiwiri chitayamba, cholembera chofiira, chomwe ndinapatsa UMBC, chinadzaza tsamba. Lyles ankalowa pakati pa anthu aatali ngati palibe munthu, n'kuponya mpira ali m'malere. Maura ankazungulira bwalo lonse, osagwidwa. Kusiyana kunapitirira mapointi khumi. Anthu omwe anabwera kudzaonera North Carolina masana, n'kubwereranso usiku, anaimirira onse kukuwira ana a jezi zakuda ndi zachikasu omwe dzulo lake sankawadziwa n'komwe. Tebulo lathu linkanjenjemera.

Kutatsala mphindi zosakwana 12 ndinafufuta ndime zinayi zija. Ndinatumizira mkonzi uthenga wa mawu ochepa, wakuti agwire tsamba loyamba la zamasewero. Iye anayankha kuti andidikira, koma nkhani ifike hutala ikangolira, mawu a osewera alowa m'nkhani ya pa intaneti. Ndinatembenuza kope n'kubwerera pa masamba awiri a Lachinayi aja. Zonse zinalipo: Vermont, makolo a Lyles, msinkhu wa Maura, dzanja la Hunter, masewero 135. Mnzanga wina pafupi nane ankafunsa anthu kuti zilembo za UMBC zikuimira chiyani. Ndinamukankhira kope langa osasiya kulemba.

Zinatha 74-54. Lyles anagoletsa 28. Virginia, yomwe chaka chonse inkalola adani ake mapointi ongopitirira pang'ono 53 pa masewero athunthu, inalola 53 m'chigawo chachiwiri chokha. Chiwerengero chimenecho ndicho ndinayambira nkhani. Ndinaiwerenga kamodzi, ndikuyang'ana maina ndi manambala okha, n'kutumiza.

Kenako ndinayenera kusankha, chifukwa munthu mmodzi sangalowe zipinda ziwiri nthawi imodzi. Zomwe zimalankhulidwa patebulo la mafunso zimalembedwa zonse n'kugawidwa kwa atolankhani, ndiye kumeneko sindinade nako nkhawa. Makamera onse anathamangira kwa opambana. Ine ndinayamba ndalowa kwa ogonja. M'chipinda cha Virginia munali zii, anyamata a zaka 19 ndi 20 atafunda matawulo kumutu. Ndinafunsa mafunso awiri okha, motsitsa mawu, n'kuwathokoza. Ndinaona kuti owerenga ayenera kudziwa kuti mbiri imene aisangalalira mawa yagwera pa ana a anthu. Mphunzitsi wawo Tony Bennett anayamikira UMBC mosapsatira, ndipo ndinamulemekeza kuchokera usiku umenewo. Chaka chotsatira, mu 2019, ambiri mwa anyamata omwewo anatenga chikho ku Minneapolis.

Ndinamaliza kulemba kachiwiri itakwana 1 koloko m'bandakucha. Nkhani ya Lamlungu yomwe ndinaiyamba Lachitatu, yonena za North Carolina, ndinaiika pambali, ndipo Loweruka m'mawa ndinayamba ina ya UMBC. Masana ndinaimbiranso timu ya atsikana ija. Lamlungu ndinakhala pa mpando womwe uja ndi kope latsopano: Texas A&M inatulutsa North Carolina 86-65, ndipo UMBC inagonja kwa Kansas State 50-43. Lolemba m'mawa ndinabweza galimoto yobwereka, n'kulemba malisiti a mafuta ndi hotela ndili pa bwalo la ndege.