Kompyuta ya pakhomo yotsika mtengo: tafika pa nkhani ya magetsi

Tikupanga kompyuta ya pakhomo, ndipo za bodi tatsimikiza: Raspberry Pi 4 ya 4GB (kakompyuta ka bodi imodzi, mwachidule Pi), pulogalamu yoiyendetsa ya Raspberry Pi OS pa memore khadi ya 32GB, LibreOffice yolembera, ndi Kiwix yoti ana aziwerenga Wikipedia popanda bandulo. Kiyibodi ndi mausi za USB zilizonse zikugwira. Chomwe chikudya nthawi ndi magetsi, chifukwa kuno ku Lilongwe kompyuta yodalira soketi yokha imamusiya munthu ntchito ili pakati.

Tagwirizana kuti zonse zizichokera pa batire ya 12V 7Ah, ngati zija za mu UPS (bokosi losungira magetsi a kompyuta), yomwe izitchajidwa pakhoma kapena pa sola. Pi imafuna 5.1V ndi 3A, ndiye pakati pakufunika kabodi kotsitsa mphamvu. Mwa timabodi totere, LM2596 imalembedwa 3A, koma ikangodutsa 2A imatentha moti chala sichipirira. XL4015 ya 5A ndiyo yoyenera. Musanalumikize Pi, ikani mita yoyezera mavoti potulukira mphamvu, muzipotokola kasikuluu ka pabodipo pang'onopang'ono mpaka iwerenge 5.1V. Fyuzi ya 5A ikhale pa waya wofiira, pafupi penipeni ndi batire.

Ambiri amagwa pa waya. Kebulo yopyapyala ya foni imataya mphamvu m'njira, ndipo ikafika pa Pi ili pansi pa 4.63V, kanyale kofiira ka pa Pi kamathima, liwiro lake n'kutsika. Anthu amathamangira kunena kuti bodi ndi yabodza, chonsecho vuto ndi kebulo. Waya akhale wonenepa, wosapitirira masentimita 30. Pofuna kuona ngati mphamvu ikukwanira, mukalemba lamulo la vcgencmd get_throttled pa Pi n'kuyankha 0x0, zili bwino.

Sikirini tikutenga ya laputopu yakufa, n'kuigulira kabodi koyendetsera kogwirizana ndi nambala yolembedwa kuseri kwake. Kameneko kamadya 12V mwachindunji. Monita yakale ya VGA imafuna 230V, ndiye ingatikakamize kugula invata (yosandutsa 12V kukhala 230V) yongomwa batire pachabe.

Masamu ake: 12V kuchulukitsa ndi 7Ah ndi 84Wh, koma batire ya mtovu siyenera kutsika kupitirira theka, apo ayi imafa msanga. Zotsala ndi 42Wh. Tikawerengera 15W pa Pi ndi sikirini pamodzi, ndi maola awiri ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Homuweki ndi kalata zitha kutheka.

Kutentha kwa Okutobala nako sikoyenera kukuchepetsa. Pi 4 ikafika 80°C imadzichepetsera liwiro, choncho bokosi la pulayiwudi likhala ndi kafani ka 5V ka mamilimita 30, ndi kansalu kopyapyala polowera mpweya kotchinga fumbi.

Chatsala ndi kuzimitsa bwino. Mphamvu ikaduka Pi ikulemba, memore khadi imatha kuwonongeka, kompyuta osayakanso. Gawo lotsatira tiika batani pakati pa pini 5 ndi pini 6 za pa bodi ya Pi, n'kuwonjezera mzere wa dtoverlay=gpio-shutdown mu config.txt, fayilo ya masetingi a Pi, kuti batire ikayamba kutsika munthu azingodina kamodzi, Pi n'kutseka mafayilo ake isanathime.