Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Tikiti ya Alamu Anga

Ndithokoze nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka mayi wa ku Johannesburg amene anandikumbutsa kuti nkhani ya alamu anga ndinaisiya m'malere. Lero ndiimaliza, ngakhale mayi a kunyumba anandipempha kuti ndisaiputenso.

Mukukumbukira kuti gulu langa la pa WhatsApp lolosera masewero linakula mu 2016, Leicester City itatenga ligi ya ku England pamene a kubetcha anaipatsa mwayi wa 5000 kwa 1. Zaka ziwiri zinadutsa ndikulosera mpira wa miyendo wokhawokha. Kenako ndinaonjezera basketball ya m'makoleji a ku America, chifukwa masewero ake amachitika kuno kuli pakati pa usiku, nthawi imene munthu woluza masana amakhala akusaka pobwezera.

Lachisanu pa 16 Malichi 2018, mu mpikisano wa basketball ya m'makoleji wotchedwa NCAA, wa matimu 68, timu ya yunivesite ya Virginia inakumana ndi ya yunivesite ya UMBC (University of Maryland, Baltimore County) mumzinda wa Charlotte. Virginia inali itapambana masewero 31 n'kugonja awiri okha, ndipo pa mndandanda wa matimu a m'gulu lawo molingana ndi mphamvu, inali pa nambala 1, pomwe UMBC inali kumapeto, pa nambala 16. Chiyambire 1985, matimu a manambala amenewa anali atakumana ka 135, ndipo wa nambala 16 anali asanapambanepo ngakhale kamodzi. Izi ndi zimene ndinalemba pagulu paja, ndipo aliyense wodziwa masewerowa akanalemba zomwezo.

Alamu anamanga tikiti ya matimu angapo odalirika, Virginia n'kukhala yomalizira. Popeza matimu otere phindu lake limakhala lochepa, anaikapo ndalama zambiri, zimene ine sindinadziwe kuti mchemwali wanga anakongola ku banki mkhonde kuti agule malata. Matimu a mpira onse anapambana madzulo omwewo, ndipo alamu anabwera kwanga kuti tidikirire limodzi. Tinakhala pamphasa, foni ili pakati pathu. Popumulira zinali 21 kwa 21, ine n'kumawalimbitsa mtima. Chigawo chachiwiri chitayamba, manambala a UMBC anayamba kukwera, wosewera wawo Jairus Lyles akungoponya zolowa, alamu n'kumagwedeza foniyo poganiza kuti intaneti yasokonezeka. Anasiya kuyankhula, kenako anavula nsapato, kenako anazivalanso. Atambala akulira, masewero anatha UMBC itapambana 74 kwa 54, ndipo ndi pamene anandiuza ndi mawu onjenjemera kuti, "Alamu, zija zinali za malata." Mchemwali wanga sanandikalipire. Anangosiya kuponda pakhomo panga, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Tsopano ndiyankhe achibale amene mpaka lero amanena pamaliro ndi paukwati kuti ine ndinadya denga la mlongo wanga. Sindinalandirepo ngakhale tambala imodzi pa tikiti imeneyo, sindinauze munthu kuti akongole, ndipo theka la ngongoleyo ndinabweza ndine, pang'onopang'ono, kuchokera m'malipiro anga, pamene olankhulawo anangopinda manja. Gulu lija ndinalitseka sabata yomweyo chifukwa sindikanathanso kudziwa kuti amene akuwerenga zolosera zanga akubetchera ndalama za chiyani.

Chaka chotsatira, mu 2019, Virginia yomweyo inatenga chikho cha mpikisanowo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe mwa onditonza aja amene anandiimbira foni. Mmene ine ndi mchemwali wanga tinayambiranso kupatsana moni ndifotokoza m'gawo likubwerali.