Zikomo nonse amene munathamanga ndi mng'ono wanga

M'malo mwa banja lathu, ndikuthokoza anthu a ku Chinamwali ndi ena nonse amene munaima nafe mng'ono wanga atavulala diso pamalo osewerera pool. Ambiri mwakhala mukuimba foni kufunsa. Ali bwino tsopano, diso lapulumuka ndipo likuona, kungoti dzuwa likaswa mtengo limamuvutabe.

Ena munamva kuti inali ndewu, poti kwathu kuno munthu akavulala pa pool anthu amathamangira kunena za mowa. Sizinali choncho. Iye sankasewera n'komwe, anali pa benchi kudikira gemu yake. Mnzake pomwaza mipira koyambirira anamenya mwamphamvu, mpira woyera n'kudumpha tebulo kukamupeza pa diso lamanzere. Amene munaugwirapo mpira uja mukudziwa kulimba kwake.

Oyamba kuwathokoza ndi mayi ogulitsa mandasi pafupi ndi pamalopo. Anthu atamuunjirira, wina ankati amuthire madzi a shuga, wina akuti afunefune mayi woyamwitsa amudonthezere mkaka. Mayiwa anakana zonsezo, anamugwira manja kuti asatikite diso, n'kukalipira anyamata kuti aitane kabaza msanga. Kuchipatala anatiuza kuti kutikita kapena kuthira zinthu kukanaliwononga kwambiri. Mayi, sitidziwa kuti tikuthokozeni motani.

Achimwene a njinga yamoto amene munamunyamula madzulo aja mpaka ku Zomba Central Hospital, n'kukana ndalama, Mulungu akudalitseni.

Kwa anamwino amene munamulandira usiku uja ndiponso a kuchipinda cha maso, zikomo potifotokozera modekha. Ife tinkangoona diso lofiira. Inu munatiuza kuti magazi anali atadikha mkati, kutsogolo kwa mwana wa diso, ndipo kuti m'masiku oyambirira angathe kutulukanso. N'chifukwa chake munamulamula kugona mutu uli m'mwamba, kusanyamula zolemera, kusamwa aspirin chifukwa amachedwetsa magazi kuundana, ndi kubwerera kudzamuyeza ngakhale atamva bwino. Munafunsanso ngati m'banja mwathu muli matenda a magazi otchedwa sickle cell, poti amawonjezera vuto pa diso lotere. Zomugoneka mnyamata wa zaka 19 osayendayenda, imeneyo inali ntchito ya amayi athu, ndipo anaigwira ndi mawu okwera ndithu.

Amayi a kumpingo amene munabwera ndi phala ndi mapemphero, aneba amene munasonkha kangachepe ka mayendedwe, talandira ndi manja awiri. Eni tebulo nawo anabwera kudzazonda, ndipo benchi ija aichotsa kumene mipira imalowera.

Iwe mnzake amene unamenya mpira uja, tamva kuti ukuzemba njira ya kwathu. Palibe amene wakusungira mangawa. Bwera udzamuone, akukufunsa.